Chingwe chotchajira galimoto cha mamita 20: kodi magetsi ochuluka bwanji amathera m'njira?

MayiWaKuLuton
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za magetsi. Tagula galimoto yamagetsi, koma malo athu oimikapo ali kuseri kwa nyumba, ndipo kuchokera pakhoma pomwe tchaja ingaikidwe kukafika pagalimoto pali mamita pafupifupi 17. Chingwe chomwe chinabwera ndi galimoto n'cha mamita 5 okha. Ndapeza zingwe za Type 2 (mtundu wa pulagi yotchajira womwe umagwiritsidwa ntchito kuno ku Britain) za mamita 20, zina zolembedwa 16A (maampu 16) zokhala ndi waya wa 2.5mm², zina zolembedwa 32A zokhala ndi waya wa 6mm², ndipo mitengo yake ikusiyana kwambiri. Bambo akunyumba akuti chingwe chachitali chimadya magetsi ndipo chikhoza kuyaka, pamene wogulitsa akuti palibe chotayika ngakhale pang'ono. Tchaja yomwe tikufuna ndi ya 7kW. Kodi zoona zili pati, ndipo tigule chiti?

Kanyimbi77
Musagule chachitalicho, mayi. Chingwe chikatalika chimatentha, ndipo moto wambiri wa magetsi umayamba motero.

Thambo230
Mayi, bambo ndi wogulitsa onse akunena mbali imodzi yokha ya nkhaniyi. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono akamadutsa, chomwe pantchito timati resistance, ndipo mphamvu yomwe yathera pamenepo imasanduka kutentha. Kukaniza kumeneku kumakula waya akatalika ndipo kumachepa waya akanenepa. Muyezo wa IEC 60228 umalola kuti waya wofewa wa kopa wa 6mm² afike pa 3.30 ohm (muyezo wa kukanizako) pa kilomita, wa 4mm² pa 4.95, ndipo wa 2.5mm² pa 7.98. Powerengera tisaiwale kuti magetsi amapita pa waya mmodzi n'kubwerera pa wina, choncho m'chingwe cha mamita 20 amayenda mamita 40. Pa waya wa 6mm² zimenezi zikutipatsa 0.132 ohm. Tchaja ya 7kW imakoka 32A, ndiye mavoti otsika m'njira ndi 32 kuchulukitsa ndi 0.132, omwe ndi 4.2, ndipo mphamvu yotayika ndi mawati pafupifupi 135 mwa mawati 7,360 omwe atuluka m'tchaja. Imeneyi ndi 1.8 peresenti. Chingwe chanu cha mamita 5, ngati waya wake ndi wa 6mm², chimataya mawati 34.

Tsopano tione m'thumba. Tiyerekeze kuti galimoto yanu imamwa mayunitsi 3,000 pachaka ndipo yuniti imodzi mukuigula 25p (mapeni 25 a ku Britain). Kusiyana kwa zingwe ziwirizi ndi mayunitsi pafupifupi 41, omwe ndi mapaundi 10 pachaka chonse, ndipo ngati mumatchaja usiku pamtengo wotsika ndalamayo icheperanso. Wogulitsa walakwitsa ponena kuti palibe chotayika, koma chotayikacho si chifukwa chokwanira chosiyira kugula chingwecho.

Kanyimbi77
A Thambo, mawati 135 mukuwatchula ngati ochepa, chonsecho babu lakale la mawati 100 linkawotcha dzanja munthu akaligwira. Kutentha kumeneko kukupita kuti?

Thambo230
Funso lanu ndi loyenera, achimwene, ndipo yankho lake ndi lomwe anthu ambiri saliganizira. Mawati 135 aja agawanika pa utali wonse wa mamita 20, kutanthauza kuti mita iliyonse ikutulutsa mawati osakwana 7. Chingwe cha mamita 5 nachonso chikutulutsa mawati osakwana 7 pa mita iliyonse. Mukazigwira ndi dzanja zitatambasulidwa pansi, kufunda kwake n'kofanana. Utali umachulukitsa magetsi otayika onse pamodzi ndi mavoti otsika, koma sutenthetsa chingwe kuposa chachifupi. Chomwe chimatenthetsa ndi kuonda kwa waya poyerekeza ndi magetsi omwe akudutsamo. Mutati mudutsitse 32A pa waya wa 2.5mm², mita iliyonse ingatulutse mawati 16, kaya chingwecho n'cha mamita 3 kapena 30, ndipo pamenepo ngozi ilipodi. Babu lija limawotcha chifukwa kutentha konse kwaunjikana pamalo aang'ono.

Chenjezo limodzi lomwe ndikugwirizana nanu ndi lakuti chingwe chachitali chimakopa munthu kuti asachitambasule chonse. Mayi akusowa mamita 17 pa 20, choncho vutoli silingawakhudze kwenikweni, koma amene akugula mamita 20 pomwe akusowa mamita 8 okha amasiya mamita 12 atapiringizidwa pamalo amodzi, ndipo mawati 80 amaunjikana pamulu womwe mpweya sukudutsapo bwino.

Nangozo
Ine ndinamva kuti chingwe chopiringizidwa chimasanduka koilo ndipo chimapanga maginito, n'chifukwa chake chimatentha. Si choncho kodi?

MphunzitsiWaFizikisi
Ayi, achemwali, ngakhale kuti zimenezi zimanenedwa kawirikawiri. M'chingwe muli mawaya awiri oyandikana omwe akunyamula magetsi ofanana molowera mbali zosiyana, ndipo maginito a waya mmodzi amafafaniza a mnzake pafupifupi kotheratu. Chotenthetsa n'chakuti mzere uliwonse wa chingwe wakutidwa ndi mizere inzake yofundanso, ndiye kutentha kumasowa potulukira. N'chifukwa chake ekisitenshoni yokulunga pa chiguduli imalembedwa miyezo iwiri, wina ikatambasulidwa ndi wina wochepa kwambiri ikakhala yokulunga.

Ndiwonjezereko pang'ono pa masamu a a Thambo. Manambala a IEC aja ndi a waya yemwe ali pa madigiri 20. Kopa akafunda, resistance yake imakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, choncho waya akakwera ndi madigiri 30, mawati 135 aja amafika cha m'ma 150. Zimenezi sizisintha yankho, koma zikuonetsa chifukwa chomwe chingwe chounjikidwa chimaipiraipira: chikafunda chimakaniza kwambiri, ndipo chikakaniza kwambiri chimafundanso.

Chisale_Joni
Kuno ku Johannesburg ndimaona anthu akufunsa za kulumikiza zingwe ziwiri. Bwanji mayi asagule china cha mamita 15 n'kuchilumikiza ku cha mamita 5 chomwe ali nacho kale? Kapena ngati nkhawa ndi kutayika kwa magetsi, afunefune cha 10mm² kuti nkhani ithe.

Thambo230
Zonse ziwiri sindingazivomereze, a Chisale. Zingwe za Type 2 zinapangidwa dala kuti zisalumikizane, ndipo malamulo a katchajidwe ka mtundu umenewu salola ekisitenshoni pakati pa tchaja ndi galimoto. Chifukwa chake chili m'pulagi momwemo. Muli kachipangizo kakang'ono ka resistance komwe kamadziwitsa tchaja kuchuluka kwa magetsi omwe chingwecho chingapirire: 1,500 ohm ndiye 13A, 680 ohm ndiye 20A, 220 ohm ndiye 32A, ndipo 100 ohm ndiye 63A. Tchaja ikawerenga nambala imeneyi imauza galimoto malire ake kudzera pa kawaya kakang'ono ka pilot. Mukalowetsa chingwe chachiwiri pakati, makinawo akhoza kukhulupirira chingwe chimodzi osadziwa kuti chinacho n'choonda. Kuwonjezera apo, malo olumikizira amakhala pansi, pamvula, opanda loko yowagwira.

Zimenezi zikuyankhanso mbali ina ya funso la mayi. Mukagula chotchipa cha waya wa 2.5mm² chopangidwa moyenera, sichiyaka, chifukwa tchaja idzatsitsa yokha magetsi kuti agwirizane nacho. Chomwe mudzataye ndi liwiro: pa 16A mpaka 20A mudzalandira 3.7kW mpaka 4.6kW m'malo mwa 7.4kW, ndipo ndalama zomwe munalipira pa tchaja ya 7kW zidzakhala zikugwira ntchito theka lokha kapena kupitirirapo pang'ono.

Za 10mm², werengerani kulemera kwake. Mawaya atatu a 6mm² (awiri onyamula magetsi ndi mmodzi wa earth) pa mamita 20 ali ndi kopa wolemera makilogalamu 3.2 tisanawerengere chikuto chake. Pa 10mm² kopa yekha akupitirira makilogalamu 5, chingwe chimauma kupinda, ndipo mapulagi ambiri a 32A sanapangidwire waya wamkulu chotero. Mphotho yake ndi kupulumutsa mawati osakwana 60. Munthu amene azidzachikulunga m'mamawa wa Januwale manja atazizira sadzakuthokozani.

Chisale_Joni
Zamveka pa nkhani yolumikiza. Koma pa kulemera sindikukhutira, chifukwa chingwe cha mafezi atatu (three-phase) cha 22kW chili ndi mawaya asanu a 6mm², kopa wake ndi wofanana ndi amene mukumukanayo, ndipo anthu amachinyamula tsiku lililonse.

Thambo230
Amachinyamula cha mamita 5 kapena 7. Cha mamita 20 cha mawaya asanu n'katundu weniweni, ndipo nyumba zambiri za ku Britain zili ndi fezi imodzi, choncho mayi angakhale akunyamula mawaya awiri omwe sakugwira ntchito iliyonse.

MwanaWaKuDedza
Ngati kutentha kumadalira kuchuluka kwa magetsi, bwanji osangotsitsa tchaja kufika pa 16A kapena 10A usiku, popeza galimoto imagona maola ambiri? Mphamvu yotayika imayendera maampu kuchulukitsa ndi maampu omwewo, choncho mukachepetsa ndi theka, mawati 135 amatsika kufika pa 34.

MphunzitsiWaFizikisi
Masamu anuwo ndi olondola koma sanathe. Mawati atsika kanayi, komabe nthawi yotchaja yawirikiza kawiri, ndiye chotayika m'chingwe pa yuniti iliyonse changotsika ndi theka, kuchoka pa 1.8 kufika pa 0.9 peresenti. Mbali inayo, galimoto ikamatchaja simakhala itagona: makompyuta ake, mapampu oziziritsa ndi zoyang'anira batire zimakhala zikugwira ntchito, ndipo zimamwa magetsi ofanana kaya mukutchaja mofulumira kapena pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti zimamwa mawati 200. Pa 7.4kW amenewo ndi 2.7 peresenti, pa 3.7kW ndi 5.4 peresenti, ndipo pa soketi ya m'nyumba ya 2.3kW ndi pafupifupi 9 peresenti. Mwapulumutsa 0.9 peresenti m'chingwe n'kutaya 2.7 m'galimoto. Chifukwa chomveka chotsitsira maampu ndi pamene mawaya a nyumba ndi ofooka, osati kufuna kusunga mayunitsi.

Leaf_Area47
Ndikutsatira ndili ku Lilongwe, ndipo nkhani yathu kuno ndi yosiyana pang'ono. Galimoto yanga ndi Nissan Leaf yochokera ku Japan, ya pulagi ya Type 1, ndipo ndilibe tchaja ya pakhoma. Chingwe chomwe galimoto zimenezi zimabwera nacho chinapangidwira magetsi a ku Japan a 200V ndipo chimakoka 15A. Anthu ena amangodula pulagi yake n'kuikapo yathu ya mano atatu, yomwe malire ake ndi 13A, kenako n'kuwonjezera ekisitenshoni yogula pamsika kuti ifike pagalimoto. Pamenepo vuto si mayunitsi otayika ayi, koma pulagi yomwe ikusenza kuposa muyezo wake kwa maola ambiri osapuma. Ketulo imakoka magetsi ambiri kwa mphindi zochepa n'kuzima, pamene galimoto imakoka usiku wonse.

Chinanso n'chakuti mawaya ena ogulitsidwa motchipa amaoneka ngati kopa koma m'kati ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Ndimafuna kudziwa kuti masamu a a Thambo amasintha bwanji pa waya wotere.

Thambo230
Amasintha kwambiri, achimwene. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya momwe kopa amadutsitsira, choncho waya wolembedwa 2.5mm² wa mtundu umenewo amachita ngati wa kopa wa 1.5mm² kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo zimenezo ndi pamene kukula kolembedwako kuli koona. Kumuzindikira n'kosavuta: palani kawaya kamodzi ndi mpeni, mukaona koyera m'kati ndiye si kopa, komanso mpukutu wake umapepuka modabwitsa. Aluminiyamu amamasukanso pansi pa sikuluwu pakapita nthawi, ndipo pomasuka m'pamene moto umayambira.

Pano ndikufuna ndibwerere kwa a Kanyimbi, chifukwa mantha awo ali ndi maziko ngakhale akuloza polakwika. Pa zomwe ndimapeza pantchito, chingwe sichipsa pakati, chimapsa kumapeto. Polumikizira pamodzi pomwe pachita dzimbiri kapena pamasuka n'kufika pa 0.05 ohm, pamatulutsa mawati 5 pa 10A, mawati 11 pa 15A, ndi mawati 51 pa 32A, onsewo pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo kotsekeredwa m'pulasitiki. Yerekezerani ndi mawati 7 omwazikana pa mita yathunthu ya chingwe. N'chifukwa chake chingwe chimodzi chachitali chopanda mfundo chimaposa zingwe zitatu zazifupi zolumikizana.

Kwa inu a ku Lilongwe, ikitsani soketi ya mafakitale ya buluu ya 16A kapena 32A pafupi ndi pomwe galimoto imagona, yokhala ndi waya wakewake kuchokera pabokosi lalikulu, ndipo gulani tchaja yonyamulika yolembedwa 230V yomwe mungasankhe maampu ake.

Kanyimbi77
Ndiye kuti tikugwirizana kuti ngozi ilipo. Ine sindinanene kuti ili pakati kapena kumapeto.

Nangozo
Munanena kuti chikatalika chimatentha, a Kanyimbi, ndipo zimenezo n'zomwe zatsutsidwa.

Leaf_Area47
Funso lina pa mavoti. Madzulo kwathu magetsi amafooka, mababu amachita kuoneka. Ngati voteji yatsika kale pofika pamita, mavoti 4 kapena 10 otayika m'chingwe sangakhale nkhani yaikulu kodi?

MphunzitsiWaFizikisi
Pamenepo amakhaladi ndi kulemera kwina. Galimoto imatsatira malire a maampu omwe tchaja yaiuza, ndiye voteji ikatsika mphamvu yolowa imatsikanso ndipo kutchaja kumatenga nthawi yaitali. Kwa mayi a ku Luton, mavoti 4.2 akutanthauza mphindi pafupifupi 6 zowonjezera pa maola 5 ndi theka othira mayunitsi 40, zomwe sangazizindikire. Koma makina ena amateteza poyang'ana voteji. Matchaja ambiri a ku Britain ali ndi chitetezo chomwe chimadula magetsi voteji ikatsika pansi pa 207V kapena ikakwera kupitirira 253V, ndipo galimoto za Tesla zimachepetsa zokha maampu zikaona kuti voteji ikugwa mosayembekezereka pamene zikutchaja. Amene akuyambira pa 240V ali ndi malo okwanira. Amene akuyambira pa 212V ali m'mphepete, ndipo kwa iye waya wonenepa amagula kudalirika, osati mayunitsi.

MayiWaKuLuton
Zikomo kwambiri nonse. Pali zomwe sindinatchule poyamba: mmisiri yemwe anabwera kudzaona anati kuchokera pabokosi la mafyuzi kukafika pakhoma la kuseri padzafunika waya wa mamita 30, chifukwa ayenera kuzungulira nyumba. Kodi zimenezi zikusintha kanthu? Komanso pakati pa mpanda wathu ndi malo oimikapo pali kanjira komwe anansi amadutsa.

Thambo230
Zikusintha, mayi, ndipo n'zofunika kuposa funso loyamba. Buku la malamulo a mawaya la BS 7671 limalangiza kuti mavoti otsika m'nyumba asapitirire 5 peresenti pa zipangizo zomwe si nyale, omwe ndi 11.5V pa 230V, ndipo limapereka manambala owerengera: waya wa 6mm² amagwetsa mamilivoti 7.3 pa ampu iliyonse pa mita iliyonse, wa 10mm² amagwetsa 4.4. Pa mamita 30 ndi 32A, wa 6mm² akugwetsa 7.0V ndipo wa 10mm² akugwetsa 4.2V. Mmisiri wanu akaika 6mm² sanaphwanye lamulo, chifukwa iye amawerengera kufika pa tchaja. Koma galimoto imalandira zotsala pambuyo pa zingwe zonse ziwiri, ndipo 7.0 kuphatikiza 4.2 ndi 11.2V, kutanthauza mawati pafupifupi 360 ndi pafupifupi 5 peresenti ya yuniti iliyonse yomwe mwalipira.

Apa ndiye pamene ganizo la a Chisale la 10mm² likugwira ntchito. Waya wokhazikika pakhoma kapena wokwiriridwa pansi palibe amene amamunyamula, choncho kulemera kwake sikuvutitsa aliyense, ndipo gawo lalikulu la mtengo wa ntchitoyo ndi la mmisiri, osati la kopa. Pemphani mtengo wa zonse ziwiri muyerekeze. Chabwino koposa, funsani ngati tchaja ingaikidwe pa mzati kumapeto kwa bwalo lanu, waya wa SWA (wotetezedwa ndi chikuto cha chitsulo) wa 10mm² atadutsa pansi. Ngakhale utali wake utafika mamita 45, akugwetsa 6.3V, ndipo kuwonjezera chingwe cha mamita 5 zonse pamodzi ndi 7.4V. Mukatero chingwe cha mamita 20 simuchifunanso.

AmalumeA_Leicester
Nkhani ya kanjirako musaipeputse, mayi. Fufuzani kaye ngati ndi ka khonsolo, ka eni nyumba onse pamodzi, kapena kanu. Ngati ndi njira ya anthu onse, gawo 162 la lamulo la Highways Act la 1980 limaletsa kuyala chingwe kapena waya modutsa msewu mwanjira yoika anthu pangozi popanda chenjezo lokwanira, ndipo munthu akapunthwa mlandu ukhoza kukhala wanu. Makhonsolo ena tsopano amalola kangalande kakang'ono kodulidwa m'njira ya oyenda pansi komwe chingwe chimalowamo, koma amafuna chilolezo, ndipo kangalandeko kali ndi malire a kunenepa kwa chingwe chomwe chingalowemo. Ichi n'chifukwa chinanso chosagulira chingwe chonenepa kwambiri musanafunse.

MwanaWaKuDedza
Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti pa matchaja othamanga a m'misewu ikuluikulu zingwe zimakhala zazifupi moti nthawi zina sizifika pagalimoto. Ngati utali sutenthetsa, bwanji sazitalikitsa?

MphunzitsiWaFizikisi
Chifukwa kumeneko maampu amafika 500. Pa waya yemweyo, 500A imatulutsa kutentha kochuluka kuwirikiza 244 poyerekeza ndi 32A, ndipo kuti waya wa kopa apirire payekha angafunike kunenepa moti munthu sangamukweze. Opanga amasankha waya wocheperako n'kudutsitsa madzi oziziritsa m'kati mwa chingwe, monga zimachitikira pa matchaja othamanga a pulagi ya CCS a 350kW ndi pa Supercharger V3 ya Tesla. Zikatero mita iliyonse yowonjezera ndi kulemera kwina, ndalama zina, ndi kutentha kwina komwe pampu iyenera kuchotsa. Njira ina ndi kukweza voteji: Porsche Taycan ya 2019 ndi Hyundai Ioniq 5 zimagwiritsa ntchito mabatire a m'gulu la 800V, omwe amalandira mphamvu yofanana ndi theka la maampu, ndipo kutentha kwa m'chingwe kumatsika kanayi.

Kanyimbi77
A Thambo, waya wopita ku mzati mukuunenawo adzadutsabe pansi pa kanjira ka anansi, kapena chingwe chachifupicho chidzadutsa pamwamba pake. Vuto la a Malume silinathe.

Thambo230
Silinathe, ndipo limenelo ndi la khonsolo kapena mwini malo, osati la mmisiri. Mayi, yambani ndi kalata yofunsa za kanjirako. Akalola kukumba, mzati ukhale tsidya linalo pafupi ndi galimoto. Akakana, ikani tchaja pampanda mbali yanu, yezani ndi tepi mtunda wotsala kufika pomwe pali soketi ya galimoto mutaimika monga mwa masiku onse, muwonjezere mita imodzi kapena ziwiri, ndipo mugule chingwe cha fezi imodzi cha 32A cha utali umenewo. Pachikuto chake pazilembedwa EN 50620 ndi 3G6, kutanthauza mawaya atatu a 6mm².